Utsi wa Pansi pa Mpando

Minibasi yathu tinaigula itakalamba kale. Inali nthawi ija zipani zambiri zitangoyamba kumene, pamene aliyense wokhala ndi kagalimoto ankatha kukaimika pa Mitundu n'kumaitanira anthu opita ku Lilongwe. Amuna anga anali atatopa ndi kuyendetsa thirakitala pa esiteti ya fodya. Atamva kuti munthu wina m'tauni akugulitsa galimoto yomwe inali itanyamula antchito ake zaka zambiri, anapita n'kubwera nayo. Kawotchi kosonyeza mtunda kanali kataima kalekale, moti palibe ankadziwa kuti yayenda motani.

Matenda ake tinawazolowera. M'mawa inkafuna kukankhidwa, ndipo ine ndinkasiya tsache n'kukathandiza. Ikakwera chitunda inkatentha, choncho chigubu cha madzi sichinkachokamo. Amuna anga ankaidziwa ndi khutu. Ikalira tswii podzuka, ankati lamba wa fani wakhwefuka. Ikanjenjemera poima, ankati mapulagi ada. Akamva gudugudu kutsogolo pa mabampu, ankagona pansi pake n'kutuluka ndi kalabala kothetheka m'manja. Sindinawaonepo atasowa chonena pa galimoto imeneyo.

Koma m'mwezi wa Juni, kuzizira kutafika, anayamba kudwala ndi iwowo. Ankabwera madzulo atagwira mutu, maso ali psuu, n'kungodziponya pa mphasa osavula nsapato. Chakudya ankangochilawa. Tsiku lina anasanza kuseri kwa nkhokwe, akuganiza kuti sindikuwaona. Munthu amene kale ankafika akuseka ndi nkhani za apaulendo anayamba kukalipira ana pa zinthu zopanda pake, ndipo nthawi zina ankaiwala zomwe ndawauza m'mawa womwewo.

Poyamba ndinaganiza za mowa. Ndinkayandikira ngati ndikuwalandira jekete, n'kumanunkhiza, koma ndinkangomva fungo la petulo basi. Kuchipatala anawayeza magazi, malungo sanapezeke. Anawapatsa mankhwala a mutu n'kuwauza kuti apume. Atapuma anakhaladi bwino, koma atangobwerera pa msewu zonse zinayambiranso.

Apa m'pamene mtima wanga unapita kumene sindinkafuna. Zaka zimenezo maliro anali osatha m'midzi yathu, ndipo ambiri mwa omwe tinkawaika anali madalaivala ndi ogulitsa malonda m'tauni. Matendawo sitinkawatchula dzina. Ndinayamba kuwayang'ana amuna anga m'khosi ndi m'mikono posamba, kuona ngati akuwonda. Lamba wa thalauza anali atamuboola bowo lina. Sindinawafunse kanthu, nawonso sananene kanthu. Tinkangodutsana m'nyumba ngati alendo.

Nditalephera kupirira, ndinaganiza zokauza amayi anga, omwe ankakhala kufupi ndi Nathenje. Ndinanamizira mtedza womwe anandisungira.

“Bambo, mawa mundiperekeze kwa amayi ndikatenge mtedza uja usanafumbwe,” ndinatero.

“Chabwino. Ndikaonetsanso galimotoyi kwa makaniko wa pa Nathenje. Yayamba kaphokoso kena m'mawa, sindikukamvetsa.”

Tinanyamuka dzuwa litangotuluka, tili awiriwiri, kudzera msewu wafumbi wodulira. Aka kanali koyamba kuti ndikhale kutsogolo ulendo wautali, chifukwa masiku onse mpando umenewo unali wa apaulendo. M'galimoto zamtunduwu injini imakhala pansi pa mpando wakutsogolo, ndiye ndinkamva kutentha kwake m'ntchafu, n'kumakondwera nako chifukwa kunja kunali chisanu. Mawindo onse tinatseka, kuopa mphepo ndi fumbi. Kaphokoso kaja ndinakamvadi, kakuti tyetyetye ngati wina akumenya chitini ndi msomali, koma injini itatentha kanachepa.

Tisanafike pakati pa ulendo, mutu unayamba kundiwawa m'mbalimbali, ngati andimanga chingwe. Kenako nseru. Zikope zinalemera, ndipo minda ya fodya yokololedwa inkaoneka ngati ikuyandama. Nditacheuka ndinaona amuna anga akuphethira pang'onopang'ono, galimoto ikulowera ku ngalande.

“Bambo! Imani!”

Anadzidzimuka n'kuponda buleki. Ndinatsika mwamsanga n'kusanza m'mbali mwa msewu. Ndinakhala pa udzu kanthawi, mphepo yozizira ikundiwomba kumaso, ndipo ndinamva chingwe chija chikumasuka pang'ono. Iwo anaima pafupi atatsamira chitseko.

“Kodi mwadya chiyani, mayi?”

“Sindinadye kanthu. Tandiuzani, mutu wanu uja umawawa pati?”

Analoza m'mbali mwa mphumi, pomwe panali pakundiwawa ine.

“Ndi nseru yomwe? Ndi tulo?”

Anagwedeza mutu kuvomera.

“Nanga Lamulungu, galimoto ikakhala pakhomo, mumamva bwanji?”

Anatembenuka n'kuiyang'ana minibasiyo nthawi yaitali.

Mtunda wotsalawo tinayenda mawindo ali pululu. Tinafika pa Nathenje tili mbuu ndi fumbi, mano akugundana ndi kuzizira. Makanikoyo anali bambo wachikulire wonenepa, ankagwirira ntchito pansi pa mtengo kuseri kwa magolosale. Amuna anga anayamba kufotokoza za kaphokoso, koma ine ndinalowerera n'kunena za mutu.

Bamboyo sanaseke. Anati, “Mayi, mwachita bwino kunena. Achimwene, tailizani.”

Injini italira, anatenga chisanza n'kupita kumbuyo, n'kutseka nacho kukamwa kwa paipi ya ekizozi. Anatiuza kuti paipi ikakhala yabwino, chisanzacho chimakankhidwa mwamphamvu ndipo injini imafuna kuzima. Koma yathuyi inangopitiriza kulira bwinobwino, ndipo kutsogolo kunayamba kumveka fyuu, fyuu.

“Mwamva? Utsi uli ndi khomo lina lotulukira.”

Anatukula mpando womwe ndinakhalapo uja. Labala wotseka m'mbali mwa chivundikiro cha injini anali atauma n'kugwa zidutswazidutswa, moti pena munthu ankatha kulowetsa chala. Anazimitsa injini, n'kudikira kuti izizire, kenako anandiitana.

“Bwerani muone nokha, mayi, poti ndinu mwaupeza.”

Pomwe paipi imalumikizana ndi injini panali mwaye wakuda bii, utayala ngati pa denga la khitchini. Bawuti imodzi inali itaduka, gasiketi yotseka polumikizirapo itapsa mbali imodzi, ndipo chitsulo cholumikizira paipiyo chinali ndi mng'alu wopyapyala. Anafotokoza kuti kaphokoso kam'mawa kaja kanali utsi ukuthawira pa mng'aluwo, ndipo chitsulo chikatentha chimafufuma n'kuutseka pang'ono, n'chifukwa chake kankachepa. Anati utsi woipitsitsa sununkha n'komwe, umangogonetsa munthu. Apaulendo ankatsika usanawalowe kwambiri, kondakitala ankakhalira kutulutsa mutu pa windo kuitanira anthu, koma dalaivala ankaupuma tsiku lonse, makamaka mwezi wozizirawu atatseka galasi lake.

“Ndiye kuti munthu akhoza kuwonda nawo?” ndinafunsa.

“Munthu wosadya, wongosanza, alekerenji kuwonda? Koma akapitenso kuchipatala, akawauze za utsiwu.”

Ndinakhala pa tayala lakale lomwe linali pamenepo n'kuyamba kuseka, misozi ikutsika, mpaka amayi ena ogulitsa tomato anabwera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta.

Ntchitoyo inatenga tsiku lonse. Anachotsa chitsulocho n'kukachiwotcherera, bawuti yodukayo anaiboola n'kuikamo ina, gasiketi anaipeza pa galimoto ina yakufa. Labala wa chivundikiro sanapezeke, ndiye anadula chubu cha tayala n'kumata bwinobwino. Ine ndinayenda wapansi kupita kwa amayi. Atandifunsa chomwe ndadzera ndi nkhope yotupa chonchi, ndinati ndadzera mtedza.

Pobwerera madzulo, makaniko anatsekanso paipi ndi chisanza kuti tione. Injini inabanika nthawi yomweyo, chisanza chinauluka. Tinakweza matumba athu a mtedza n'kunyamuka. Titadutsa dambo lina, amuna anga anayankhula maso ali pa msewu.

“Mayi, inu mumaganiza kuti ndikudwala chiyani?”

“Chomwe mumaganiza inuyo.”

Anapumira m'mwamba. “Sabata yatha ndinatenga achimwene anga kukawaonetsa malire a munda wathu wa kudimba. Ndinkafuna pasadzakhale wokuvutitsani.”

Ndinawagwira pa bondo. Tinayenda choncho mpaka nyumba za pa Mitundu zinayamba kuoneka.

Kuchipatala anapitadi, ndipo nditawapempha kuti tikayezetse magazi tonse awiri m'tauni, sanakane. Tinapezeka tili bwino. Mutu unatenga masabata angapo kuti usiyiretu, koma chilakolako cha chakudya chinabwerera msanga. Asanayambenso kunyamula anthu, anazungulira madalaivala anzawo onse pa siteji, akuwatukulitsa mipando mmodzimmodzi. Minibasi ziwiri zinapezeka ndi mwaye womwewo, ndipo mkazi wa dalaivala wina anabwera kwathu ndi nkhuku yoyera kudzathokoza.