Mkulu Wake wa Achitini

Mng'ono wanga amakonza njinga pakhonde la shopu ya zitsulo, kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi shedi yanga yopalira matabwa. Ine ndine kalipentala wa satifiketi. Iyeyo sukulu anaisiyira panjira, chifukwa khutu lake lamanzere linagontha atadwala ali mwana, ndipo aphunzitsi ankamuyesa wamwano akapanda kuyankha. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti pa awirife woyenera kutchuka ndinali ine. Koma funsani aliyense mumsewu wathu, akuuzani kuti ine ndine "mkulu wake wa Achitini".

Dzinalo linabwera chifukwa cha ng'oma. Tili ana anatenga chitini cha mkaka, n'kuphimba kukamwa kwake ndi nsalu ya ambulera ya amayi, n'kumanga ndi mphira. Anakwapulidwa, poti ambulerayo inali isanathe, koma sanasiye. Atayamba za njinga ndiye anapeza mgodi, machubu otha. Amadula chubu, kuchikoka pakamwa pa chitini cha penti kapena ndowa yobooka, kumanga ndi waya wa buleki, kenako kumakunga pang'onopang'ono popotokola wayayo ndi sipoko. Akafuna kudziwa ngati yapsa, amaigunditsa pamimba, kutsinzina, n'kugogoda ndi chala chapakati.

"Khutu limanama, achimwene," amatero. "Mimba sinama."

Sanakwatire, alibe mwana, ndipo ng'omazo amangogawira ana a eni. Ine zimenezo sizinkandikhudza mpaka tsiku limene mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo, anayamba kuwoloka msewu. Akaweruka kusukulu ankaponya chikwama pakhomo la shedi, "Mwaswera adadi," osadikira n'komwe yankho, ulendo kutsidya. Ndinkamuona atakhala pansi pafumbi, chitini pakati pa mawondo, akuseka ndi mano onse. Kwa ine sankaseka choncho. Ndisabise, nsanje inkandidya, moti ndinkapala thabwa mpaka kulipyapyalitsa. Ndinkadzitonthoza kuti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, koma za mng'ono wanga zikang'ambika ankangodula chubu china.

Ndiye kusukulu anati pa tsiku lotsekera, mwana aliyense abwere ndi choimbira chopangidwa kunyumba, makolo adzaonerere.

"Ndikawauza abambo aang'ono," anatero mwanayo tikudya.

"Nanga abambo ako enieni anamwalira?" ndinafunsa.

Mayi ake anatsamwa ndi phwete. "Inu bambo a mwana, munayamba mwagwirapo ng'oma chibadwire?"

"Ndapanga makabati a magalasi ine. Ng'oma n'chiyani?"

Ndinaika pambali chitseko cha kasitomala, n'kuthera masabata awiri pa ng'omayo. Ndinadula timatabwa tolimba khumi ndi tiwiri, kutilumikiza ndi guluu mozungulira popanda mpata ngakhale wolowa singano, n'kukwecha ndi sandipepa mpaka kusalala ngati tsaya la khanda. Chikopa ndinasenda pa sofa yakale, chochindikala bwino, n'kuchikhomera ndi timisomali tagolide. Pomaliza vanishi, katatu. Ndinapaka ndi pachikopa pomwe, chifukwa kalipentala weniweni sasiya malo osapaka.

Mng'ono wanga anawoloka kudzaona. Anapukuta manja pa ovololo yake, anainyamula mwaulemu, anaigunditsa pamimba n'kugogoda. Inangoti phu. Anagogodanso. Phu.

"Ndi yokongola, achimwene. Koma vanishiyu pachikopa, komanso pansipa mwatseka, mawu atulukira pati? Mutandilola ndingo…"

"Iwe za matabwa unaziphunzira kuti?"

Anaiika pansi bwinobwino, n'kubwerera ku njinga zake. Ine ndinati ikauma ilira.

Tsikulo litafika, mwana wanga anatuluka m'nyumba chikwama kumsana, ng'oma yanga ataikumbatira pachifuwa. Mtima wanga unachita kuti myaa. Ndinayenda pambuyo pake ngati tambala, ndikupatsa moni ngakhale anthu amene sindiyankhulana nawo. Podutsa pakhonde la njinga ndinayenda pang'onopang'ono dala, koma mwini wake panalibe. Ndinakamupeza ataima kumbuyo kwa holo ya sukulu, atapendeketsa mutu kuti khutu labwino liloze kutsogolo.

Ana anabwera ndi mabotolo a timiyala, zivundikiro za mapoto, wina gitala ya chigubu. Atamuitana mwana wanga, ndinagunda bambo amene ndinakhala naye pafupi. "Ameneyo ndi wanga. Ng'omayonso ndapanga ndine."

Mwanayo anaiika pakati pa siteji, vanishi akuwala. Anaisuntha pang'ono kuti ikhazikike. Kenako anakhalapo. Anatsegula chikwama, n'kutulutsa chitini cha penti, chopindika mbali imodzi, chubu chake chili ndi chigamba cha pankchala, n'kuchipana ndi mawondo.

Zoona ndi zoona, mwanayo anaimba. Chitinicho chinkalira pakati mawu aakulu, m'mphepete mawu ang'ono, ndipo timanja take sitinkaoneka. Azimayi anaimirira, nthungululu holo yonse. Ine m'manja ndinaomba, koma maso anga anali kumbuyo, kumene mng'ono wanga anali atatsinzina, dzanja lili pamimba. Bambo wa pafupi uja anandigwira phewa. "Muli ndi luso, akulu. Chitini wamba kulira chonchi?"

Titatuluka, ahedi anandipeza pakhonde. "Ndamva kuti kampando kaja mwapanga ndinu. Kokongola zedi. Mungatipangireko tina ta kalasi ya ana aang'ono?"

Ndisanatsegule pakamwa, mwana wanga anafika akuthamanga, thukuta lili kamukamu, n'kundikumbatira m'chiuno.

"Mwaona adadi? Ndi saizi yanga ndendende! Mipando ya kusukulu ndi yaitali, chitini chimaterereka. Abambo aang'ono anati ndisakuuzeni, akuti mukhumudwa. Mwakhumudwa ngati?"

Akanakhala kuti akundiseka, bwenzi ndikudziwa chochita. Koma ankandithokoza ndi mtima wonse, maso ali mbee.

"Ayi mama," ndinatero. "Waimba bwino."

Timipando ta ahedi ndinapanga, ndipo akuti ana amatikonda. Koyamba kaja sikanabwererenso kunyumba. Mwana wanga anakasamutsira kutsidya kwa msewu kuti asamakhalenso pafumbi. Masana aliwonse ndikaweramuka pa thabwa ndimakaona pakhonde la njinga, pakati pa machubu ndi girisi, vanishi wanga akuwala, mwana wanga atakhalapo, akuseka ndi mano onse.