Makompyuta a m'kabati ya Ba Dixon

Ba Felistus Mukuka aphunzitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa sukulu ya anthu wamba ku Kanyama, ndipo kutopa kwawo kumaonekera pa kayendedwe. Lachitatu lililonse masana amatsala ndi ana a giredi seveni, kupanga mabanjo a zigubu za mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga. Phokoso lake, Mulungu yekha ndiye amalitcha nyimbo.

Chaka china munthu wakufuna kwabwino anapereka timakompyuta khumi ndi tiwiri, tating'ono ngati bokosi la machesi. Mwana akalemba malamulo pa ka kompyutako, kamaimba ng'oma kokha motsatira banjo yake. Ba Felistus anaphunzira zimenezi masabata atatu, maso akuwawa. Chimene ankafuna n'chimodzi: ana awo agwire timakinato asanamalize sukulu.

Koma ahedi, Ba Dixon, anatitsekera m'kabati ya mu ofesi, pashelefu ya pansi.

"Ivi vinthu ni vodula, Ba Mukuka," anatero. "Bana bazaononga. Tizachosa bakabwela balendo."

Alendowo anabwera kamodzi. Timakompyuta tinayalidwa pa tebulo, tinajambulidwa, tinabwerera m'mapepala ake. Ine, mphunzitsi mnzawo, zinandinyansa, koma Ba Felistus sanakangane. Ankalemba malamulo pa bolodi ndi choko, ana n'kumachita ngati makinawo: akawerenga "bwereza kanayi", onse amaponda pansi kanayi, fumbi kobo. Lachitatu lililonse Ba Felistus ankapitabe kwa ahedi kukapempha kiyi, n'kubwerako chimanjamanja.

Chakudza sichiimba ng'oma, ngakhale ku Kanyama aliyense amadziwa kuti mu Febuluwale katundu amakwezedwa pa njerwa poopa madzi osefukira. Ba Dixon anakweza kaundula ndi mpando wawo, kabati anaiwala. Madzi anagona mu ofesi masiku anayi.

Timakompyuta tinayanikidwa pa malata dzuwa lonse. Palibe ndi kamodzi komwe kanayaka.

Lachitatu lotsatira Ba Felistus anatitolera m'chitenje, osapempha munthu. Anayenda m'kalasi mwakachetechete, matope ali m'miyendo, akuika kamodzi m'manja mwa ana atatu atatu. Anawo anangotiyang'ana, kuopa ngakhale kutitembenuza.

"Gwilani chabe," anatero Ba Felistus, akukhala pansi. "Manje sivingaonongeke futi."