Chitenje cha pa komputadore

Aprofesora Jasinta ndinawanamizira ndine. Komputadore ya mu sekretariya ya sukulu yathu inkati ndikalemba senya, mawu achinsinsi otsegulira, n'kulowa, pakapita mphindi zochepa yazima. Ndinauza adiretori molimba mtima kuti ndi virusi ya m'fulashi ya aJasinta, ndipo anawaletsa kuigwira. Mapauta, mapepala a zotsatira za mayeso, anachedwa sabata yathunthu.

Kenako kunabwera katswiri wa ku Ulongwe. Anangovundukula chitenje chimene ndinkaifunditsa poopa fumbi.

"Imeneyi ikuzima ndi kutentha, ikusowa popumira. Anaikulunga chonchi ndani?"

"Kaya, mwina osesa," ndinatero.

AJasinta anali pomwepo. Anayang'ana chitenjecho, n'kuyang'ana duku langa. Nsalu inali imodzi, ya maluwa achikasu.

Mpaka lero sindinawapepese. Ndinangosiya kuvala dukulo.