Misomali Yonama pa Denga la ku Chegutu

Pali anthu amene ndikawafotokozera nkhaniyi amati ndikuthira mchere, koma ine ndikulumbira pali Mulungu, zinachitika masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo alamu anga amene ndikuwanenawa akadali moyo ku Kadoma, chipsera chili pantchafu mpaka lero.

Zinali zaka zija mapulazi atalandidwa, ife ana a anthu ochokera ku Malawi titapirikitsidwa m'makomboni a ku Selous ngati nkhuku zolowa m'munda wa eni. Tinakafikira ku Chegutu, ine, mlongo wanga ndi amuna ake, alamu angawo, pamodzi ndi ana awo, ndipo tinamanga kachisakasa ndi zitsulo zobiriwira zimene alamu anagula motchipa kwa anyamata ena a ngolo. Ndani ankafunsa kumene chinthu chachokera masiku amenewo? Mutu unali pa njala basi.

Alamu anaphunzira za mawaya kupulazi, choncho bungwe lina la mpingo litapatsidwa fakitale yakale kuti lizisungiramo chakudya ndi mankhwala a odwala, linawaitana kuti akaike mapanelo a sola padenga, poti magetsi ankangothimathima ndipo mankhwala ankawonongeka m'mafiriji. Ine ananditenga kuti tizikanyamulira limodzi.

Denga lake linali la asibesitasi, lalitali moti munthu wapansi unkamuona ngati kamwana. Aliyense amene anakwerapo denga lotere amalidziwa lamulo lake: ponda pamzere wa misomali pokha, chifukwa pansi pa msomali pali chitsulo, koma pakati pamangophwanyika ngati bisiketi. Alamu anandibwerezera lamuloli mpaka ndinakwiya, ndinawafunsa ngati akundiona ngati ndinabadwa dzulo, iwo nkungoseka kuti mlongo wanga sangawakhululukire akabwerera okha kunyumba.

Tinayenda bwinobwino mbali yoyamba. Titafika chapakati, alamu ali patsogolo atanyamula panelo, ine pambuyo ndi mawaya, ndinangomva kuti phwa! Mwendo wawo unalowa mpaka m'ntchafu. Anagwa chafufumimba pamwamba pa panelo lija, ndipo ndi lomwelo linawagwira, poti linagona mopingasa, m'mphepete mwake mutatsamira malo olimba. Abale inu, munthuyo anali ataponda pamsomali penipeni, ndinaona ndi maso angawa.

Pansi panali amayi a bungwe akuyeza nyemba, ndipo zidutswa zitawagwera anabalalika ndi mfuu. Ine ndinafuna kuthamangira pamene panali alamu. Alamu anandiuza motsitsa mawu, ngati akuopa kuti denga limva, kuti ndisayerekeze kuwayandikira, misomaliyo sinagwire kanthu, mwendo wawo ukungopalasa mphepo. Tsono misomali ikanama, munthu uponda pati? Nanenso ndinali pamzere womwewo.

Galasi la panelo linayamba kulira kuti tsetsetse, likung'aluka pang'onopang'ono, ndipo linali lotentha moti thukuta lawo linkauma pomwepo. Anandiuza kuti akapita ndikawasamalire ana, ine nkuwakalipira kuti atseke pakamwa, ana awowo ndi osamva, akawalere okha. Ndinkakalipa koma misozi ili chuchuchu.

Ndinagona chamimba nkuyamba kukwawa chobwerera, asibesitasi akulira pansi panga, mpaka ndinafika kukhoma. Alonda a pamalopo anandikankhira makwerero m'mwamba, ndinawagoneka padenga, nkumawakankha kutsogolo ine ndikukwawa pamwamba pake, pemphero lililonse limene ndinaphunzira ndili mwana likutuluka losokonekera. Nditawagwira lamba ndinawauza kuti akoke mwendo, anakoka akubuula, asibesitasi atawang'amba ntchafu, ndipo atangogwira makwerero panelo lija linapendekeka nkulowa. Tinalimva likuphwanyika pasimenti patapita kanthawi, ndiye muone kutalika kwake.

Titatsika nkulowa m'fakitalemo, amayi aja anawamanga alamu bala ndi chitenje, nkuyamba kunena kuti fakitaleyo ili ndi mizimu ya anthu amene anachotsedwa ntchito. Ine ndinangoyang'ana kumwamba. Misomali inali lendelende m'malere, mizere yathunthu, zitsulo zake wina atazidula ndi sowo nthawi imene fakitale inali yotseka. Kunangotsala tizigawo m'mbali, ndipo tinali tobiriwira. Alamu anayang'ananso, kenako anandiyang'ana ine.

Madzulo ake mlongo wanga anadabwa kuti sadza, nsima ya kumeneko, yangokhala osadyedwa. Ife tinali chagada pamphasa, maso ali pa zitsulo zobiriwira zimene zinagwira denga lathu, m'mapeto mwake mukuoneka modutsa mano a sowo.

Sindinganene kuti zinali zomwezo ndithu, zitsulo zobiriwira ndi zambiri, ndipo alamu sanabe kanthu, anagula kuti ana asanyowe ndi mvula. Koma za mizimu ine sindikhulupirira. Ndimakhulupirira kuti njala ya zaka zimene zija inatidyetsa denga la eni, ndipo linatsala pang'ono kutidya ifenso. Inu amene mukukwera madenga a mafakitale akale ndi mapanelo masiku ano, musakhulupirire msomali musanalowe mkati nkuyang'ana kumwamba. Ndipo wina akakugulitsani chitsulo motchipa, mufunseni kumene wachidula, chifukwa pamene chachokapo padzaponda munthu, mwina wa m'nyumba mwanu momwe.