Galu Womaliza wa Bambo Anga

Ndinadzuka kusanache, msana utauma chifukwa chogona pamkeka panja. Mphepo ya Ogasiti inali itazimitsa moto wa pasiwa, ndipo amayi akumpingo amene anachezera kuimba anali atasasa mawu. Kuseri kwa nyumba ya bambo ku Mchesi ena anali atayamba kale kuika migolo pamafuwa. Adzukulu ananyamula makasu n'kulowera kumanda.

Bambo ankakhoma ndowa ku Old Town, koma mtima wawo unali pa agalu a uzimba. Ankatchula mibadwo ya agalu awo ngati mmene ena amatchulira makolo: Mkuntho mwana wa Sadziwa, Sadziwa mwana wa Kanyimbi, mpaka kale ine ndisanabadwe. Galu wouwa msanga akamva fungo la gwape sankamulola kubereka. Apachibale sankawakweretsa, ndipo galu wam'tauni akayandikira khola ankalandira mwala. Matenda atapulula onse n'kutsala Mkuntho yekha, anam'pereka kwa ine chifukwa nyumba ya boma imene ndinkakhala ku Area 9 inali ndi mpanda.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kufika: ogulitsa mumsika, atelala achisilamu ndi zisoti zawo, anzanga a ku ofesi atamanga mataye. Kenako kunatulukira mkulu wina wa ku Mitundu, mnzawo wa bambo wosaka naye, akukoka galu wamkazi wofiira pachingwe cha luzi. Anthu anayang'anana. Anakamumangirira pamtengo wa mango patali, nalowa kukalira, ndipo atatuluka anandikokera pambali.

"Pepani mwana wanga, kumaliro sabwera ndi galu, ndikudziwa. Koma nyengo yake yakwana, ndipo siidikira. Malemu anandilonjeza Mkuntho. Tikaika, mundiperekeze kwanu."

Ndinavomera ndi mutu. Mpanda wanga Mkuntho ankaudumpha ngati mzere wa mbatata, ndipo tsiku lina anakakwera galu wachizungu wa bwana wanga. Bwanayo anandifunsa pamaso pa anzanga ngati ndasamutsira mudzi wonse ku Area 9. M'mawa mwake ndinapita naye Mkuntho kuchipatala cha ziweto n'kukam'fula. Miyezi isanu ndi itatu bambo ali chigonere ankandifunsa za iye, ine n'kumati ali bwino, akunenepa. Ankanenepadi.

Masana mwambo unayamba. Wapampando wa chipani analankhula motalika mpaka ana anayamba kusinza. Abusa analalikira mwachidule chifukwa fumbi linkawatsokomoletsa. Wolankhula m'malo mwa banja anati malemu asiya ana asanu, zidzukulu, ndi mtundu wa agalu umene alenje a ku Dzalanyama sadzauiwala, umene tsopano uli m'manja mwa mwana wawo wophunzira. Anthu anatembenukira kwa ine. Ndinawerama, iwo n'kumayesa kuti ndi chisoni.

Tinanyamula bokosi kudutsa pa masamba amene anaikidwa pamsewu, a njinga akutsika kuti tidutse. Popita ponsepo ndinkakonza mabodza: ndinene kuti galu wathawa, kapena wadwala, kapena mkazi wanga watseka geti n'kupita ndi makiyi. Ndikuchita manyazi kunena kuti pamene bokosi la bambo linkatsikira m'manda, ine ndinali kusankha bodza labwino. Ndinaika nkhata yanga osaiona n'komwe.

Titabwerako n'kusamba m'manja, mkulu uja anali kale pamtengo wa mango, akum'patsa madzi galu wake m'chigoba. Anali atayenda wapansi masiku awiri, mapazi atang'ambika. Bodza lililonse linandithera pakamwa. Tinakwera kumbuyo kwa galimoto ya mnzanga, galu ali pakati pathu, ndipo m'njira monse anandifotokozera mmene adzasankhire ana: awiri ake, mmodzi wanga, wamkazi wabwino koposa wa mlongo wanga kuti mtundu usathe.

Tinafika dzuwa litapendeka. Mkazi wanga ndi ana anali atatsalira ku Mchesi. Mkuntho anadzuka pakhonde mwaulesi, nanunkhiza galu wamkaziyo kamodzi, n'kubwerera kukagona. Mkuluyo anaima kanthawi. Kenako ananjuta, nam'sisita Mkuntho pamsana, n'kupititsa dzanja kunsi kwa mchira.

Sanandiyang'ane.

"Malemu ankadziwa?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye tawaika ndi agalu awo onse."

Ndinawapempha kuti agone, anakana. Ndinati ndiwapezere galimoto, anakananso. Anakulunga chingwe kudzanja n'kutuluka pageti, galu wofiira uja akucheukacheuka.

Ndinakhala pakhonde mpaka kunada, osayatsa magetsi. Mkuntho anabwera n'kutsamiritsa mutu wake wolemera pabondo langa, ndipo ine ndinalephera kum'gwira.