Mabwinja Amene A Lyson Anamata

Mayi Lucia anawaona koyamba a Lyson Kalimbuka ali pamakwerero ku Zomba, akumata khoma la nyumba imene ophunzira unamwino ankagonamo. Mnyamatayo anatsika simenti ili mbuu m'tsitsi, n'kuwauza kuti iye akaona mng'alu pakhoma mtima sukhala m'malo.

Anakwatirana, ndipo unamwino wa Mayi Lucia ndiwo unawatengera kutsidya kwa nyanja, kumzinda wa South Bend, mu 2001, pamodzi ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Chester. Kumeneko mmisiri wa njerwa wochokera ku Zomba panalibe womufuna. A Lyson anapeza ntchito yokolopa kunyumba yosungira okalamba, ndipo mawu awo anayamba kuchepa. Chester naye Chichewa chinamuthawa pakamwa. Bambo ake akamufunsa kanthu, ankayankha m'Chingerezi maso ali kwina.

Mwanayo ankakonda masewera a nkhondo a patebulo, a tiasilikali tapulasitiki ndi tinyumba tobwera m'zidutswa, tolumikiza ndi guluu. Molumikiziramo munkatsala mipata. Tsiku lina a Lyson anaima kumbuyo kwake.

"Iwe, ntchito yanji imeneyi? Mphepo izilowa apa. Tabweretsa."

Anafinya phala loyera la m'kachubu, analipaka ndi nsonga ya kampeni, ananyowetsa chala n'kusalaza. Litauma anapala ndi sandipepala mpaka msoko unasowa.

"Nice, Dad," anatero Chester.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse awiriwo ankakhala m'chipinda cha pansi, mitu itagundana. Mayi Lucia akaweruka kushifiti ankaima pamasitepe kumvetsera amuna awo akuimba chapansipansi, monga ankachitira kale pantchito.

Kenako Chester anagula tauni yathunthu ya tinyumba totere yoti akaseweretse pampikisano kumzinda wa Indianapolis, ndipo anaipenta yekha mosamala. Inali tauni yophulitsidwa, ya makoma ong'aluka ndi mabowo a zipolopolo. Iye atapita kusukulu, bambo ake anatsikira kuchipinda kuja kuti akamudabwitse. Anatseka bowo lililonse, anamata ming'alu yonse, anamanganso ngakhale ngodya yogumuka.

Chester ataona phala loyeralo pamwamba pa penti wake anakuwa.

"Mwawononga! Osagwiranso zinthu zanga!"

Chimenecho chinali Chichewa choyamba kuwalankhula bambo ake patapita zaka.

"Ndawononga? Munthu angagone m'nyumba yobooka chonchi?"

"Bambo a Chester," anatero Mayi Lucia motsitsa mawu, "pajatu ndi mabwinja adala. Amagula ali choncho."

A Lyson anayang'ana zala zawo zoyera phala. Kupepesa mwana sanakuzolowere, ndipo mwanayo sanadikire. Chitseko cha chipinda chija chinayamba kukhala chokiya, mpaka Chester anamaliza sukulu n'kusamukira kumzinda wa Lawrence.

Mu 2009, a Lyson atadwala sitiroko n'kufa dzanja lamanja, Chester anabwera kudzawaona. Anakhala pampando jekete osavula.

"Ukakhala ndi kanyumba kofuna kumata ubweretse," anatero bambowo movutikira. "Lamanzereli likadagwira. Ndimata pamene wandilozera pokha."

Chester anayankha m'Chingerezi, mwaulemu ndithu, kuti asavutike, ali ndi mnzake amene amamuchitira zimenezo.

A Lyson anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anatembenukira kwa akazi awo.

"Mayi, apatseni tiyi alendowa. Kumene akupita n'kutali."