Apongozi ndi Machesi M'boti la Thanga

Ndili m'boti la thanga pakati pa madzi. Thangalo ndi chitenje chachikulu chojambulidwa nkhope yanga, ndipo mphepo ikawomba ndimatupa masaya. Woyendetsa botilo ndi apongozi anga aakazi, atavala nsapato zosewerera mpira.

Pansi, m'kakhitchini, silinda ya gasi ikulira ngati njoka, ndipo pakununkha mazira owola. Ndikupaka thovu la sopo papaipi kuti ndione pomwe pabowoka. Thovulo likufufuma, ndipo m'kati mwake muli mbuzi ikundiyang'ana.

"Gasi ndi wolemera, amakhala pansi," akutero apongozi. "Kapani, bambo a Chisomo!"

Ndikukapa ndi ndowa yooneka yopanda kanthu n'kumakhuthulira m'madzi. Nsomba zikuyetsemula.

Kenaka apongozi akutsikira kukhitchiniko. "Muli mdima muno. Ndiyatse machesi, tione bwino."

Ndikufuna kukuwa, koma mkamwini sakalipira apongozi. Ndikugwada, ndikuyang'ana kumbali, ndikuwomba m'manja. "Pepani amayi, ngati n'kotheka, mwaulemu ndithu, tisaphulike lero."

"Mwati chiyani? Kwezani mawu!"

Akukanda kamtengo pabokosi. Ndikuuzira mwakachetechete, kazima. Akutenga kena, ndikuuziranso. Bokosilo silikutha, likungobereka machesi ena, ndipo ine mpweya ukundithera.

Apongozi akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupukusa mutu. "Boti likununkha chonchi, inu mwangogwada apo n'kumapuma. Mwana wanga anakupezani kuti?"

Ndadzuka kutulo milomo ili chisongokere, ndikuseka ndekha.